Mwana akutsokomola ngati galu akuuwa usiku? Chitani izi

Nyengo yozizira ya June ndi July ikafika ana ambiri a miyezi 6 mpaka zaka 3 amadzuka pakati pausiku ndi chifuwa chouma chomveka ngati kagalu kakuuwa, mawu atasasa. Madokotala amati croup. Ndi kavairasi kamene katupitsa kholingo ndi paipi ya mpweya, ndiye poti kapaipi ka mwana nkakang'ono kale, kakangotupa pang'ono mpweya umavutika kudutsa.

Choyamba musapanike, mwana akamalira ndi pamene kupuma kumavutirako. Munyamuleni akhale tsonga pamiyendo panu, muyamwitseni kapena mumwetse madzi pang'onopang'ono, ngati thupi latentha mpatseni panado wa ana molingana ndi msinkhu wake.

Akatonthola mvetserani bwino, apa ndi pofunika kwambiri. Phokoso lokhala ngati likhweru losasa pokoka mpweya likamamveka akulira pokha, mutha kudikira kuche mupite naye ku health centre. Koma likamamveka ali phee, musadikire ayi, kaya ndi 2 koloko usiku dzutsani wakabaza. Chimodzimodzinso mukaona pansi pa nthiti pakulowa mkati akamapuma, milomo yasintha mtundu, akutuluka dovu kulephera kumeza, kapena wafookeratu.

Werenganinso kapumidwe kake kwa mphindi imodzi. Wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, wa chaka chimodzi mpaka 5 akafika 40, chingakhale chibayo chimenecho.

Chonde zija zomufunditsa bulangete pa poto wa madzi owira ndi masamba a bulugamu zisiyeni, sizithandiza ndipo ana amapsa nazo. Osapisa chala kapena supuni kukhosi kwake, ndipo Bactrim wa pagolosale sapha vairasi.

Kuchipatala amamuyeza mpweya ndi kamakina kopana chala, amapereka mankhwala otchedwa dexamethasone kamodzi kuti kutupa kuphwe, zikavuta amamupumitsa mankhwala a adrenaline pa nebulaiza (kamakina kosandutsa mankhwala kukhala nkhungu yopuma) ndi kumuika pa oxygen. Mwana amene watentha thupi kwambiri ndipo mankhwalawa sakusintha kanthu, mwina mu paipimo mwalowa bakiteriya, ameneyo amagonekedwa nkumabayidwa maantibayotiki.

Tengani buku lake la kusikelo adokotala aone ngati anabayitsa katemera wa masabata 6, 10 ndi 14. Ndipo ngati chifuwacho chinayamba mwadzidzidzi akudya mtedza kapena chimanga chokazinga, muwauze adokotala, mwina kanthu kalowera kolakwika.