Mmene Mungasankhire Sukulu ya Patchuthi Yophunzitsa Mwana Kupanga Mafilimu

Chaka chilichonse kuyambira mu Juni mpaka mu Ogasiti, pamene ana a ku America ali patchuthi chachitali cha nyengo yotentha, mayunivesite ndi masukulu a zaluso amatsegula nyumba zawo zogonamo kuti alandire ophunzira a sekondale ofuna kudziwa kapangidwe ka mafilimu. Mwana amagona komweko, amadya komweko, ndipo kwa milungu ingapo tsiku lake limayamba ndi kalasi n'kuthera m'chipinda cha makompyuta mmene amalumikiza zimene wajambula. Maphunzirowa ndi odula kwambiri, choncho kholo limene likuganiza zotumizako mwana liyenera kuyamba ndi funso limodzi lisanakopeke ndi dzina la sukulu: kodi mwanayu akafika kumeneko akagwira chiyani ndi manja ake?

Malo odziwika alipo angapo, ndipo amasiyana. Tisch School of the Arts ya ku New York University imakhala ndi maphunziro a milungu inayi, ndipo zimene mwana wakhoza zimalembedwa ngati maphunziro a payunivesite. University of Southern California ya ku Los Angeles, imene sukulu yake ya mafilimu idayamba mu 1929, nayonso imalandira ana a sekondale. Ku Northwestern University, m'tauni ya Evanston pafupi ndi Chicago, kuli National High School Institute yomwe idakhazikitsidwa mu 1931, ndipo gawo lake la mafilimu limatenga milungu ingapo. Interlochen, m'chigawo cha Michigan, ndi msasa wa zaluso wa m'nkhalango umene udayamba mu 1928, ndipo mwana wa mafilimu amakhala pakati pa anzake oimba ndi ovina. New York Film Academy, yomwe idatsegulidwa mu 1992, ili ndi maphunziro aafupi ndi aatali omwe. Mabanja okhala ku Britain ali ndi mwayi wina, chifukwa BFI Film Academy, ya bungwe la za mafilimu la British Film Institute, imaphunzitsa achinyamata a zaka 16 mpaka 19 okhala m'dzikomo pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa ku America, ndipo ena mwa maphunziro ake ogonera konko amachitikira ku National Film and Television School ku Beaconsfield.

Mukapeza malo awiri kapena atatu, alembereni kalata yofunsa mafunso olunjika. Funsani ngati mwana aliyense amalemba ndi kutsogolera filimu yakeyake, kapena ngati gulu lonse limapanga filimu imodzi. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa pagulu la ana khumi lopanga filimu imodzi, mwana wolankhulalankhula ndiye amalanda udindo wotsogolera, ndipo wamanyazi amatha mwezi wathunthu akunyamula mawaya. Sukulu yabwino imagawa ana m'timagulu ta anayi kapena asanu ndipo imasinthasintha maudindo, kotero kuti amene watsogolera lero amagwira kamera mawa, mkuja amanyamula ndodo ya maikolofoni, kenako amayang'anira magetsi owunikira. Funsaninso kuti kamera imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi ana angati, kuti chipinda cha makompyuta chimatsekedwa nthawi yanji, ndiponso ngati ophunzitsa ali aphunzitsi enieni a pasukulupo kapena ophunzira a payunivesite ongolembedwa ganyu ya patchuthi. Ngati sukuluyo imaika pa intaneti mafilimu a ana a zaka zam'mbuyo, aonereni limodzi ndi mwana wanu, ndipo mutchere khutu ku mawu kuposa kuyang'ana kukongola kwa zithunzi, popeza mawu osamveka bwino ndiwo amaulula sukulu yongopereka makamera popanda kuphunzitsa.

Pali chinthu china chimene makolo ambiri amachimva molakwika. Kuphunzira patchuthi payunivesite yotchuka si chikole chakuti mwanayo adzapatsidwa malo pomwepo akamaliza sekondale. Chimene amabwera nacho ndi filimu imene angaonetse polembetsa, aphunzitsi omudziwa, ndiponso yankho la funso lakuti kodi ntchito imeneyi amaikondadi kapena ankangokonda kuonera mafilimu. Yankho lomalizali, ngakhale litakhala lakuti ayi, n'lamtengo wapatali, ngakhale kuti likhoza kupezeka m'njira zotsika mtengo.

Za ndalama muwerengere mosabisa. Maphunziro a milungu inayi a m'mayunivesite akuluakulu a ku New York ndi Los Angeles amapitirira madola 10,000 mukaphatikiza malo ogona ndi chakudya, ndipo pamwamba pake pali tikiti ya ndege, inshulansi ya kuchipatala, viza ndi ndalama za m'thumba. Thandizo la ndalama limakhalapo m'malo ena, koma nthawi zambiri limakhala lochepa, limafuna fomu yakeyake, ndipo kwina limaperekedwa kwa nzika za dzikolo zokha. Funsani za thandizoli m'kalata yoyamba yomweyo, komanso funsani kuti ndalama zingati zimabwezedwa ngati mwana wakanizidwa viza.

Kulembetsa kumayamba kudakali kutali. Masukulu opikisana kwambiri amatseka kulandira mafomu pakati pa Disembala ndi Malichi, choncho mwana wofuna kupita mu Julayi ayambe kukonzekera chaka chisanathe. Kawirikawiri amafuna zotsatira za mayeso a kusukulu, kalata ya mphunzitsi womudziwa bwino, nkhani yaifupi yofotokoza chifukwa chimene akufunira kupita, ndi chitsanzo cha luso lake, chomwe chingakhale kanema wa mphindi zochepa, zithunzi zofotokoza nkhani, kapena kasewero kolembedwa. Ochokera kunja akhozanso kufunsidwa mayeso a Chingerezi monga TOEFL, IELTS kapena a Duolingo. Chitsanzo cha lusocho musachigulire kamera yapamwamba, chifukwa foni ndi yokwanira. Osankha amafuna kuona ngati mwanayo amatha kuyang'anitsitsa zinthu ndi kufotokoza nkhani yokhala ndi poyambira ndi pothera, ndipo kanema wa mphindi zitatu wa agogo akukonza mpando wothyoka amaposa kutsanzira mafilimu ankhondo. Makolo musamulembere nkhani yake. Mawu a munthu wamkulu amadziwika msanga.

Kwa mwana wophunzira ku Malawi, kalendala ndi vuto lenileni. Masukulu ambiriwa amalandira ana amene atsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri kuti amalize sekondale, koma miyezi ya Juni ndi Julayi ndi ya teremu yachitatu, ndipo a Fomu 4 amakhala ali pa mayeso a MSCE. Wa Fomu 3 akhoza kupita ngati mwagwirizana ndi mphunzitsi wamkulu za mayeso a kumapeto kwa chaka, kapena mungasankhe maphunziro oyamba chakumapeto kwa Julayi. Viza nayonso imafuna nthawi. Maphunziro owerengedwa ngati a payunivesite amafuna viza ya ophunzira yotchedwa F-1, imene imayamba ndi fomu ya I-20 yochokera kusukuluko, kenako malipiro a SEVIS (kaundula wa boma la America wa ophunzira ochokera kunja) a madola 350 ndi a viza a madola 185. Malamulo a America okhudza nzika za Malawi ndi Zambia akhala akukhwima. Mwachitsanzo, kuyambira mu Ogasiti 2025 opempha viza ya alendo adayamba kuuzidwa kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Chifukwa cha ichi, fufuzani ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe kapena ku Lusaka kuti mudziwe mmene lamulo lilili panthawiyo musanalipire ndalama iliyonse kusukulu.

Mwana akalandiridwa, miyezi yotsalayo aigwiritse ntchito pokonzekera, chifukwa milungu inayi imatha ngati tsiku limodzi. Apite ndi nkhani ziwiri kapena zitatu zolembedwa kale, zazifupi, zokhala ndi anthu awiri ndi malo amodzi, popeza akajambulira pasukulu pomwepo kapena m'misewu yapafupi ndipo sadzapeza galimoto, gulu la anthu kapena mvula pa nthawi imene akuifuna. Adziwe kuti tsamba limodzi la nkhani yolembedwa m'kalembedwe ka mafilimu limakhala pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, kotero masamba asanu ndi ntchito yokwanira. Aziyeserera kujambula papepala timabokosi tosonyeza chithunzi chilichonse asanagwire kamera, zimene aphunzitsi amazitchula kuti storyboard. Aphunzirenso lamulo la madigiri 180, lomwe limati pojambula anthu awiri akucheza kamera ikhale mbali imodzi ya mzere wowalumikiza, kuopa kuti woonera angasokonezeke pa za amene akuyang'ana kumanja ndi amene akuyang'ana kumanzere. Pa kulumikiza zithunzi, masukulu ambiri amagwiritsa ntchito mapulogalamu a pakompyuta monga Adobe Premiere Pro, Avid Media Composer kapena DaVinci Resolve, ndipo yomalizayi ili ndi mtundu waulere umene mwana angayambe kuuzolowera kunyumba ngati kompyuta yake ili ndi mphamvu.

M'chikwama musaiwale hard drive yosungirapo zojambula, mahedifoni abwino, nsapato zotseka zala zoti aimirire nazo tsiku lonse, ndi zovala zopepuka, chifukwa adzachoka m'chisanu cha kwathu n'kukatsikira m'kutentha. Magetsi a ku America ndi a mavoti 120 ndipo masoketi ake ndi osiyana ndi a ku Malawi, choncho pamafunika adaputala. Kamera ndi magetsi owunikira sukulu imapereka yokha.

Za moyo wa kumalo ogona muwerenge malamulo onse pamodzi ndi mwanayo musanasaine. Pamakhala ola lofikira m'chipinda usiku, oyang'anira ogona m'nyumba yomweyo, ndi malire a kumene mwana angapite yekha, ndipo wogwidwa ndi mowa kapena mankhwala osokoneza bongo amabwezedwa kwawo ndalama osabwezedwa. Mafomu a zaumoyo amafuna mbiri ya katemera yosainidwa ndi dokotala, ndipo mankhwala amene mwana amamwa tsiku ndi tsiku ayenera kulembedwa pafomupo. Funsani kampani ya ndege za malamulo ake a ana oyenda okha, funsaninso sukulu ngati imatumiza munthu wokamulandira pabwalo la ndege. Mlungu woyamba mwana akhoza kuimba foni akudandaula za chakudya ndi za mnzake wa m'chipinda; mumumvetsere, koma musafulumire kusintha tikiti, chifukwa kujambula kukayamba nthawi yodandaula imasowa.

Pa tsiku lomaliza masukulu ambiri amaonetsa mafilimu a ana onse pa kanema wamkulu pamaso pa makolo ndi aphunzitsi. Asanachoke, mwanayo akopere filimu yomalizidwa pamodzi ndi zonse zimene adajambula pa hard drive yake ndi pamalo ena achiwiri, afunse ngati nyimbo zimene waikamo n'zololedwa kuonetsedwa pagulu, chifukwa mipikisano ya mafilimu imakana filimu yokhala ndi nyimbo ya eni ake yopanda chilolezo, ndipo apemphe mphunzitsi mmodzi amene wamuona akugwira ntchito ngati angadzamulembere kalata yomuchitira umboni pa nthawi yolembetsa ku yunivesite.