Mapushapu angati patsiku kwa wophunzira karate?

Achimwene ena a ku Dedza afunsa: "Ndayamba karate, kunyumba ndilibe zitsulo zonyamula. Ndizipanga mapushapu angati patsiku?"

Yambani mwadziyesa, achimwene. Tsiku lomwe mwapuma bwino, pangani mapushapu mpaka chiuno chiyambe kugwera pansi. Lembani nambalayo. Tinene kuti ndi 20.

Patsiku musamafike pa 20 ulendo umodzi. Tengani theka lake, 10, mupange maulendo anayi, kupuma mphindi imodzi pakati. Kenako kunyonyomala n'kudzuka ka 15, maulendo anayinso, zidendene zisanyamuke, mawondo aziloza komwe zala zakumapazi zaloza. Malizani ndi plank (kutsamira pansi ndi zigongono ndi zala zakumapazi, thupi litawongoka ngati thabwa) ya masekondi 30 kawiri.

Sabata ikatha osavutika, onjezani awiri paulendo uliwonse, osati khumi. Apa ndiye ambiri amalakwitsa: minofu imalimba msanga, koma mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa m'zigongono ndi m'mapewa imachedwa, ndiye mukathamangira imatupa.

Mu June ndi July m'mawa wa ku Dedza si wocheza. Lumphani chingwe mphindi zisanu kaye mpaka thukuta lituluke. Mapushapu a zibakera yambirani pa udzu kapena pamphasa, osati pasimenti. Thupi litsamire pamfundo za chala cholozera ndi chapakati, dzanja lisapindike.

Tsiku la kalasi pangani maulendo awiri okha, kuti miyendo isafooke pomenya mateche. Lamulungu pumani. Kuphwanya kwa thupi n'kwabwinobwino, koma ululu wobaya m'phewa kapena m'bondo, siyani pomwepo. Pakatha masabata anayi dziyeseninso, muwerengere theka latsopano.