Momwe mungathirire polyurethane m'mbali mwa ski ndi snowboard zopanga nokha

M'kati mwa ski kapena snowboard, zipangizo zotsetserekera pa chipale chofewa, mumakhala thabwa, ndipo m'mbali mwa thabwalo mumafunika khoma loliteteza ku madzi ndi miyala, lomwenso limachirikiza chitsulo chakuthwa cha m'mphepete. Ambiri amamata timizere ta pulasitiki ya ABS kapena UHMW, koma UHMW imavuta kugwirana ndi epoxy (guluu wolimba womatira zigawo za ski) mukapanda kuiwaula ndi moto, ndipo imatha kumatuka pambuyo pake. Polyurethane, yomwe ndi mtundu wina wa pulasitiki, imathiridwa ili yamadzimadzi, imalowa m'timabowo ta mtengo n'kuuma mogwirana nalo, ndipo imatsata maonekedwe alionse. Mdani wake wamkulu ndi chinyezi. Pafupifupi chilichonse chimene chimalakwika pa ntchitoyi chimachokera pamenepo.

Gulani polyurethane ya magawo awiri, A ndi B. Kulimba kwake kumayezedwa ndi sikelo ya Shore. Ya 85A mpaka 95A imafewerapo ndipo imameza kunjenjemera, pomwe ya 60D mpaka 65D ndi yolimba ndipo imapalika bwino pa makina. Yofewa kuposa 80A isiyeni, chifukwa chitsulo cha m'mphepete chimasowa potsamira. Onaninso nthawi imene imakhala yamadzimadzi mukasakaniza. Ya mphindi 5 imathamangitsa munthu, choncho woyamba kumene asankhe ya mphindi 15 kapena 20.

Kusema ngalande

Ngalande imasemedwa thabwa likadali lochindikala komanso lotambalala kuposa ski yomalizidwa. Jambulani mzere wa ski pathabwalo, ikani chikombole chanu cha maonekedwe a ski, ndipo semani ndi router (makina osemera matabwa). Pa ski, ngalande ya mamilimita 8 mpaka 10 m'lifupi imakwanira. Muiike moti mamilimita 2 kapena 3 atulukire kunja kwa mzere wa ski, enawo akhale m'kati. Otulukirawo mudzawadula pomaliza. Ngalande ikalowa m'kati kwambiri, mukadzadula m'mbali mudzapeza mtengo uli poyera, ndipo pamenepo ndi pomwe madzi amalowera.

Musaboole mpaka kuseri. Siyani mtengo wa mamilimita 2 pansi kuti ugwire polyurethane yamadzimadziyo, ndipo kuya kwa ngalande kuposeko pang'ono kuchindikala komwe thabwa lomalizidwa lidzakhale nako pakati pa ski, pomwe pamaponda phazi. Kumapeto konse kuwiri tsekani ndi tepi kapena guluu wa mfuti. Ngati thabwalo ndi la timatabwa tomatamata, yang'anani ming'alu, chifukwa polyurethane imapeza njira ngakhale pa kabowo kosaoneka bwino n'kudontha mpaka ngalande kuphwa.

Kuchuluka kwake werengani motere: ngalande ya mamilimita 8 m'lifupi, 12 kuya ndi 1,700 m'litali imalowa mamililita 163. Ski imodzi ili ndi ngalande ziwiri, ndiye ski ziwiri zimafuna mamililita 650. Onjezani 15 pa 100 aliwonse, poti ina imatsalira m'kapu.

Kuthana ndi chinyezi

Pa mitundu yambiri, gawo A lili ndi mankhwala a isocyanate, omwe akakumana ndi madzi amatulutsa mpweya wa carbon dioxide. Mpweyawo ukatsekeredwa m'kati, khoma limauma ndi thovu, limafufuma ngati buledi, ndipo limasowa mphamvu. Madziwo amabisala m'thabwa, mu mpweya wa m'chipinda, m'kamtengo kotakasira, m'kapu ya pepala ndi mu utoto wosungunulira madzi. Motero takasirani ndi chitsulo kapena pulasitiki, m'kapu ya pulasitiki youma, ndipo utoto ukhale wopangidwira polyurethane. Chinyezi cha m'chipinda chikhale pansi pa 50 peresenti, kutentha kukhale pafupi ndi madigiri 23. Tsiku lamvula dikirani.

Thabwalo liumitseni pamalo ofunda kwa maola angapo, ndipo muthire pamene layamba kuzizira. Mtengo ukamatentha umatulutsa mpweya, koma ukamazizira umakokera polyurethane m'kati. Ena amalakwitsa pothira kaye kenako n'kuika thabwa pafupi ndi chotenthetsera, thovu n'kumakwera kuchokera m'makoma a ngalande mpaka polyurethane italimba.

Njira ina yodalirika ndi kupaka epoxy yopyapyala m'ngalandemo, kuisiya iume, n'kuikwecha ndi sandipepa. Kukwechako musakudumphe, chifukwa polyurethane sigwira pa epoxy yosalala. Fumbi lonse lichotseni ndi makina okoka fumbi. Nsalu yonyowa isayandikire.

Kusakaniza ndi kuthira

Valani magolovesi a nitrile, magalasi ndi chophimba mphuno chosefa nthunzi ya mankhwala, ndipo mpweya uziyenda m'chipindamo. Isocyanate imatha kuyambitsa mphumu, ndipo thupi likayamba kudana nayo kawirikawiri silibwereranso mwakale.

Ikani thabwa pa tebulo loyezedwa ndi levulo mbali zonse, ndipo lipanikizeni kuti lisapindike. Takasani gawo B palokha poyamba, utoto muthire mmenemo. Yezani magawo awiriwo pa sikelo motsatira zolembedwa pa chitini, ndipo muonetsetse ngati muyezowo ndi wa kulemera kapena wa kuchuluka, pakuti ziwirizi sizifanana. Mukaphonya muyezo, khoma limakhala lonata mpaka kalekale.

Takasani modekha kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, mukupala m'mbali ndi pansi pa kapu. Tsanulirani m'kapu ina yoyera n'kutakasanso pang'ono, kuti zosasakanizika zomatirira m'kapu yoyamba zisalowe m'ngalande. Ngati muli ndi mphika wokoka mpweya, ikanimo mpaka thovu likwere n'kugwa. Musasakanize zambiri nthawi imodzi, chifukwa zikachuluka m'kapu zimatentha n'kuuma msanga. Ski imodzi pa ulendo umodzi ndi bwino.

Thirani kamtsinje kowonda kuyambira kumapeto amodzi, madziwo aziyenda okha kutsogolo akukankha mpweya. Dzazani mpaka asefukire pang'ono, chifukwa thovu lotsala limasonkhana pamwamba pomwe mudzapale. Chouluzira mpweya wotentha chimaphulitsa thovu la pamwambalo, koma chidutseni mwachangu chili patali.

Kupala ndi kumata

Isiyeni iume nthawi yonse imene wopanga walemba, yomwe pa mitundu yofewa imafika maola 48. Chitini chotsala tsekani zolimba mukangomaliza kuthira, poti gawo A limaonongeka ndi chinyezi cha mu mpweya. Mukathamangira kupala, polyurethane imanata pa mipeni ndi kuzuka m'ngalande. Ikauma, palani mbali zonse ziwiri mpaka mtengo wa pansi uja uchoke, khoma lionekere pamwamba ndi pansi, kenako sendani thabwa kuti lichindikale pakati ndi kupyapyala kunsonga. Chotsani pang'onopang'ono ndi mipeni yakuthwa, makamaka kunsonga komwe kumatsala mamilimita 2 kapena 3 okha.

Musanamate fiberglass (nsalu ya ulusi wa galasi), kwechani khomalo ndi sandipepa wa 60 kapena 80 mpaka kunyezimira konse kuthe, ndipo musaligwirenso ndi manja. Pamwamba pa chitsulo cha m'mphepete ikani kamzere ka labala wa VDS, kamene kamathandiza chitsulo kugwirana ndi epoxy. Ngati chopanikizira chanu chomatira zigawo za ski chimatentha mpaka madigiri 80, yesani kaye kachidutswa ka polyurethane pa kutentha komweko, chifukwa mitundu ina imafewa n'kufinyika. Ski ikatuluka, dulani zotsalira motsata chitsulo, ndipo sendani khomalo ndi router kuti lipendekere m'kati, chitsulo chizitha kunoledwa mosavuta.