Imelo zachabechabe: musamangofufuta, iphunzitseni Gmail

Ndili ndi kashopu kotaipa ndi kupulinta pa Boma pa Mangochi, chakumsika. Ambiri obwera ndi ofuna ntchito, ndipo akanditsegulira imelo zawo mtima umandiwawa. Zadzaza ndi za kubetcha, za ngongole zachangu, zina zoti mwawina galimoto. Mwezi wathawu mtsikana wina wa ku Namwera anaphonya intavyu chifukwa kalata yomuitana inakwiririka pansi pa zinyalalazi. Anaiona tsiku litadutsa kale, ndipo anangokhala chete pabenchi panga, envulopu ya masatifiketi ili pamiyendo.

Kufufuta kokha sikuthandiza, mawa zibweranso. Tsegulani kalatayo pafoni, dinani timadontho titatu tapamwamba, musankhe Report spam. Mukatero mukuiphunzitsa Gmail kuzindikira makalata a mtundu umenewo. Ngati ndi munthu mmodzi yemweyo amene akukusowetsani mtendere, dinani timadontho ta pafupi ndi dzina lake, musankhe Block. Zake zonse zizingopita ku Spam, foda ya makalata achabechabe.

Pa Unsubscribe, podina kuti asiye kukutumizirani makalata, samalani. Ine ndimadina pokhapokha ngati ndikukumbukira kuti ndinalembetsadi ndekha, monga kumalo olengeza ntchito. Kalata ikachokera kwa munthu wosamudziwa, musadine linki iliyonse ya m'kati mwake, musayankhe ngakhale kumukalipira, chifukwa mukungomuuza kuti adiresiyi ili ndi mwini wake amene amawerenga. Ndipo aliyense wopempha PIN ya Airtel Money kapena Mpamba pa imelo ndi wakuba, ngakhale chizindikiro cha kampani chitaoneka bwino chotani.

Chimene ndimachikonda kwambiri ndi filter, lamulo limene mumaipatsa Gmail kuti izisefa yokha makalata, koma imafuna kompyuta chifukwa pa app ya pafoni simungaipange. Pitani ku Settings, See all settings, kenako Filters and Blocked Addresses, Create a new filter. Pamzere wa Has the words lembani mawu amene amabwerabwera, monga jackpot, dinani Create filter, ndiye musankhe Delete it. Musaike mawu ofala ngati loan kapena offer, mungataye nawo kalata yeniyeni yokupatsani ntchito. Filter imatetezanso makalata ofunika: pangani ina yatsopano, lembani adiresi ya kumene mwafunsira ntchito pamzere wa From, musankhe Never send it to Spam. Mtsikana uja ndinamupangira imeneyi tsiku lomwelo.

Gmail nayo imalakwitsa, imaponya makalata abwino ku Spam, ndipo akakhala kumeneko masiku 30 amafufutika okha. Ine ndimasuzumirako Lachisanu lililonse masana, makasitomala ambiri akapita kumzikiti shopu ikazizira. Ndikapeza yabwino ndimadina Not spam, imabwerera ku Inbox.

Achimwene, achemwali, imelo yofunsira ntchito musamalembetsere mipikisano ya pa Facebook. Tsegulani ina yachiwiri ya zimenezo, ndi yaulere, ndipo ngati bando yavuta bwerani titsegulire limodzi pakompyuta yanga.