Mmene mungamwere khofi wokoma m'ndege

Khofi wa m'ndege amakonda kumveka wowawa kapena wosukuluka, ndipo vuto si khofiyo yekha. Mpweya wa m'ndege umafanana ndi wa pamwamba pa phiri lotalika mamita 1,800 mpaka 2,400. Pamenepo madzi amawira pa madigiri 92 mpaka 94, ndiye akafika m'kapu amakhala atayamba kale kuzizira. Mpweyawo ndi woumanso kwambiri, mphuno zimauma, fungo la khofi osamveka. Komanso khofi akakhalitsa m'jagi yotentha amayamba kuwawa.

Njira yabwino ndi kunyamula wanu. Pimani magalamu 15 a khofi wopera pa kapu iliyonse, muike m'timatumba tosefera. Sankhani wokazinga pakatikati, monga Arabica wa ku Mzuzu. Wokazinga pang'ono amafuna madzi otentha kwambiri, m'ndege amangotuluka wowawasa.

Madzi ndiwo ofunika kusamala. Otentha a m'ndege amachokera m'thanki, ndipo nthawi zina amamveka mankhwala. Pamalo ofufuzira katundu m'mabwalo a ndege ambiri salola zamadzi zopitirira mamililita 100, choncho dutsani ndi fulasiki yopanda kanthu, mukadzadzitse madzi otentha pamalo ogulitsa tiyi musanakwere.

Tsukuluzani kapu ndi madzi otentha kuti ifunde. Ikanimo katumba ka khofi, thirani madzi pang'ono kungonyowetsa khofi, dikirani masekondi 30, kenaka onjezerani mpaka mamililita 240. Asiyeni mphindi 4 mutavindikira. Mukawona nyale yokuuzani kumanga lamba wa pampando yayaka, musathire, madzi otenthawo angakupsereze pamiyendo.

Musanamwe khofiyo, yambani mwamwa madzi ozizira kuti m'kamwa munyowe.