Momwe mungafufuzire mbiri ya nyumba yakale ya m'dera lanu isanagwetsedwe

Mu Blantyre aliyense amaidziwa Mandala House ya 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chidatha kumangidwa mu 1891. Zimenezi zili ndi ozisamala. Zondidetsa nkhawa ine ndi zija timangozidutsa popita ku msika: magolosale akale a amwenye ku Limbe, nyumba za ogwira ntchito ku njanji, mosungira fodya, mizikiti ing'onoing'ono, manda a pamishoni. Zikugwetsedwa imodziimodzi popanda ndi chithunzi chomwe. Foni ndi kope zikukwanirani kuti muyambe.

Sankhani nyumba imodzi yokha, yapafupi ndi kwanu. Mukatero kapempheni chilolezo kwa mwini wake kapena woyang'anira malowo, ndipo mufotokoze bwino cholinga chanu, chifukwa munthu wachilendo wojambula nyumba amamuganizira kuti watumidwa pa nkhani ya malo. Nyumba za apolisi, asilikali ndi ndende musajambule popanda kalata.

Pojambula yambirani patali kuti msewu ndi nyumba zoyandikana zioneke, kenako mbali zonse zinayi. Mukatha yandikirani. Onani pamwamba pa khomo kapena pachipumi cha nyumba, poti amisiri ena ankalemba chaka pa simenti. Pomwe pulasitala wagamuka, onani ngati njerwa adazimanga ndi dothi, laimu kapena simenti. Jambulani nsanamira za khonde, mahinjesi a zitseko, ndi malemba ozimirira omwe akuonekera pansi pa penti watsopano. Dzina la golosale lotsala zilembo zitatu likhoza kukutsegulirani nkhani yonse.

Gawo lofunika kwambiri, lomwenso silingadikire, ndi la akuluakulu. Funani agogo omwe adakulira pomwepo, telala yemwe wasokera pakhondepo zaka zambiri, mlonda wakale kapena wopuma ntchito ku njanji. Musawafunse kuti, "Nyumbayi idamangidwa chaka chanji?" Ambiri angoyankha kuti ndi kalekale. Mangirirani funso ku chinthu chomwe sangaiwale: "Agogo, nthawi ya njala ya 1949 nyumbayi inalipo? Munkagulamo ndi mashilingi, kapena kwacha itabwera kale mu 1971? Pa chipwirikiti cha 1959 munali ndani muno?" Funsaninso zomwe mabuku a atsamunda sadalembe: adaumba njerwa ndani, dothi ankakumba kuti, munthu wakuda ankalowa pakhomo kapena ankagulira pawindo? Apempheni kuti muwajambule mawu, ndipo musawadule akapatukira nkhani zina, dzina lomwe mukulifuna limatulukira komweko. Mvani kwa anthu osachepera awiri, paderapadera. Akasiyana, lembani zonse ziwiri ndi yemwe wanena.

Kenako yerekezani zomwe mwamva ndi zaka zodziwika. Njanji idafika ku Blantyre mu 1908, chaka chomwenso kampani ya Imperial Tobacco idakhazikika ku Limbe, choncho wina akati nyumba ya pasiteshoni ya Limbe ndi ya m'ma 1880, kayikirani. Zithunzi ndi mapu akale mukazipeza ku laibulale ya Society of Malawi, m'chipinda chapamwamba cha Mandala House. Makalata a boma ali ku National Archives ku Zomba. Mipingo nayo imasunga mabuku a ubatizo ndi a misonkhano, ingopemphani mwaulemu kwa abusa kapena ansembe.

Zonse mukasonkhanitsa lembani tsamba limodzi: malo, mwini wake woyamba ngati wadziwika, ntchito zomwe nyumbayo yagwira, ndi momwe ikuonekera lero. Zisakhale m'foni mokha, foni imabedwa. Sindikizani, ndipo kope lina mupereke kwa banja lomwe lakuthandizani. Ngati nyumbayo yayamba kung'aluka kapena mwamva kuti ikugulitsidwa, tengani tsambalo ndi zithunzi mupite nazo ku Chichiri Museum, komwe mungakumane ndi a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Iwowa ndi omwe angayambitse ndondomeko yoti nyumba itetezedwe ndi lamulo.