Soya Musamuthire Yureya: Tengani Khasu Muone Mizu

Chaka choyamba kulima soya kuno ku Domué, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndinali ndi theka la thumba la feteleza wa yureya wotsala ku chimanga. Masamba a soya atayamba kuoneka achikasu, mtima unandipweteka, ndipo ndinathira feteleza uja m'mizere ya kumtunda. Kumunsi sanakwanire. Kumtunda kunabiriwira moti odutsa ankaima n'kumafunsa kuti ndachita bwanji.

Alangizi atabwera, sanayamikire. Anangoti, "Mayi, tabweretsani khasu ndi madzi m'chidebe." Anakumba phando limodzi kumtunda, lina kumunsi, n'kutsuka mizu. Ya kumunsi inali ndi timibulu tambirimbiri tokhala ngati nthanga za mapira, tina tokulirapo. Ya kumtunda, yomwe ndinkainyadira ija, inali ndi titatu tokha, tofota. Pokolola, mbali ziwirizi sizinasiyane kwenikweni. Ndalama ya feteleza inangolowa m'madzi.

Nkhani yake ili chonchi. Mpweya umene timapumawu, magawo 78 pa 100 ndi nayitrojeni, chakudya chomwe chija timagula m'thumba la yureya. Mbewu payokha singamutenge mumpweya. Koma soya, mtedza, nandolo, khobwe ndi nyemba zimalemba aganyu: tizilombo tam'nthaka tosaoneka ndi maso, totchedwa rizobiya (rhizobia). Timalowera m'mizu, mbewu n'kutimangira nyumba, ndiye timibulu tija. Mmenemo timasandutsa nayitrojeni wa mumpweya kukhala chakudya cha mbewu, ndipo malipiro ake ndi shuga wopangidwa m'masamba.

Ganyu ameneyu ndi wodula, amadya shuga wambiri. Ndiye mbewu ikapeza chakudya chaulere m'nthaka, imachita zomwe inu ndi ine tingachite: ganyu walekeka. Yureya akagwa m'dothi lofunda ndi lonyowa, sipatenga masabata ambiri asanasanduke naitireti, mtundu wa nayitrojeni umene mizu imayamwa mosavuta. Mizu ikangomva kuti naitireti wachuluka, imatseka khomo kuti tizilombo tatsopano tisalowe, timibulu tomwe tinayamba kale timaleka kukula, ndipo shuga wopita kumeneko amachepa. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti uthenga umakwera mpaka kumasamba n'kubwereranso kumizu yonse kuti basi, nyumba zakwana. Mbewu zimadziwa kuwerengera kuposa ena a ife pamsika wa ku Ulónguè.

Tsono chochita ndi ichi. Soya mubzaleni pomwe chaka chatha panali chimanga, chifukwa chimanga chimakhala chitakombeza nayitrojeni. Pamalo pomwe panali khola la ng'ombe, kapena pomwe mwathira zitosi zankhuku zambiri, pasiyireni chimanga kapena kabichi. Soya pamenepo amangokula msinkhu, kenako n'kugwa.

Ngati m'mundamo simunalimidwepo soya, gulani inokulanti ya soya, ufa wakuda wokhala ndi tizilombo tija, chifukwa tizilombo take si tofanana ndi ta nyemba, ndipo m'minda yambiri mulibe tokwanira. Ine ndimanyowetsa mbewu pang'ono ndi madzi osungunuliramo shuga, n'kuthira ufa wakuda uja, n'kusakaniza m'beseni pansi pa mtengo wa mango mpaka njere iliyonse itadetsedwa. Dzuwa limapha tizilomboti. Sakanizani zomwe mubzale tsiku lomwelo basi, ndipo musazikhudzitse ndi feteleza.

Chomwe soya amalira ndi chakudya china cha mbewu chotchedwa fosforasi, amene amathandiza mizu ndi timibulu tomwe. Ngati feteleza wopezeka ndi 12-24-12 yekha, thirani wochepa pobzala, pambali pa phando. Nambala yapakatiyo, ya fosforasi, ndiyo mukufuna. Wobereketsa ayi. Yureya ndi 46 pa 100 nayitrojeni yekhayekha, kumeneko n'kuthamangitsa aganyu ndi chikwapu.

Povuta ndi pa masabata atatu kapena anayi oyamba. Chakudya cha m'njere chimakhala chatha, timibulu tisanagwire bwino ntchito, ndiye masamba amatuwa. Apa m'pomwe ndinagwera ine. Limbani mtima, musathamangire thumba. Dikirani mpaka sabata yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, maluwa akamayandikira, mukumbe mapando angapo m'malo osiyanasiyana. Kumbani ndi khasu, osazula ndi manja, chifukwa timibulu timathothokera m'dothi, inu n'kumati mulibe. Tsukani, mutenge lezala mudule kamodzi pakati. Mukapeza mofiirira ngati nyama yaiwisi, aganyu ali kalikiliki. Moyera ndiye kuti sanayambe kapena sakugwira ntchito. Mobiriwira kapena modera, ntchito yatha.

Timibulu tenitenitu timamatirira m'mbali mwa muzu, ndipo timachoka mukatikanda ndi chala. Mukaona muzu weniweniwo watupa mfundomfundo zosachoka, ngati zija zimagwira tomato, amenewo ndi matenda, si aganyu.

Nyemba zokha ndimazichitira chifundo. Sizitha kudzidyetsa ngati soya kapena mtedza, choncho kafeteleza kapang'ono pobzala kamazithandiza, makamaka m'dothi lotopa. Ndipo mukakolola soya, mapesi ndi masamba musatenthe. Ine ndimakwirira m'mizere momwemo, ndipo Disembala uno ndibzalamo chimanga.